Kukhala Cete Si Kuvomera

Aliyense wa ife amene anapitapo ku msika kukagula nshawa zokazinga, kapenta kapena uci, adziwa mwambo wa kulawa. Mai wogulitsa amatapa pang'ono, natiikira m'manja, nati, "Lawani atate, kulawa si kugula." Zikatikomera timapisa m'thumba, ndipo ngati mai uja ali wa mtima wabwino amaonjezapo mbasela. Zikapanda kutikomera timathokoza ndi kupita pa tebulo lina. Sitinamvepo kuti mai wa pa msika wa Soweto ku Lusaka kapena wa pa Kapata ku Chipata anatsatira munthu kunyumba pakutha kwa mwezi, nakamuuza kuti, "Popeza munalawa tsiku lija ndipo simunabwerenso kudzakana, ndipatseni ndalama za thumba lathunthu." Atayesa kutero, msika wonse ungamkuwize. Koma zimene mai wa pa msika angacite nazo manyazi, masitolo ena akuluakulu a pa intaneti amazicita tsiku ndi tsiku. Ndizo tifuna kukambirana mwezi uno.

Nkhaniyi inatipeza m'banja mwathu momwe. Mwana wa mlongo wathu, amene agwira nchito ya unamwino ku Britain, anafuna kugulira amai ake nsapato za pa Krisimasi. Anazipeza pa sitolo ina ya zovala ya pa intaneti, usiku, ataweruka ku nchito ali wotopa. Pamene anati alipire, tsamba linamuonetsa mitengo iwiri, wina wokwera ndi wina wotsika wa mamembala, ndipo pansi pake panali batani lalikulu lonena kuti mwezi woyamba wa umembala ndi waulere. Anadina batanilo, nalemba nambala ya khadi lake la ku banki, nakagona. Nsapato zinafika, mnzake wobwera kuno ku Zambia anazinyamula, ndipo mlongo wathu anavina nazo pa Misa ya usiku wa Krisimasi.

Patapita miyezi 14, ndalama zimene mwanayo amatumiza mwezi ndi mwezi zogulira amai ake mankhwala a kuthamanga kwa magazi zinaperewera. Atakhala pansi kuwerenga cikalata ca ku banki mzere ndi mzere, anapeza kuti sitolo ija inali kutapa ndalama m'akaunti yake mwezi uliwonse, ngakhale kuti sanaguleko kanthu kena. Anatiimbira lamya akulira, nati, "Koma amalume, ine sindinavomere." A sitolo anali atamuyankha kale kuti, "Simunakane." Anamubwezera za mwezi wotsiriza cabe. Mau awiriwo, "sindinavomere" ndi "simunakane", ndiwo anyamula mlandu wonse.

Tiyeni tione m'mene malondawa amayendera. Sitolo ya pa intaneti imakhazikitsa gulu la mamembala olipira pa mwezi kapena pa caka. Membala amalonjezedwa kuti katundu adzamfikira pakhomo msanga popanda kulipira mtengo wonyamulira, kuti adzagula zina mochipa, ndipo kwina amaonjezapo mafilimu ndi nyimbo. Pofuna kukopa anthu atsopano, sitolo imapereka masiku olawa, kawirikawiri 30. Koma munthu asanalawe ayenera kupereka nambala ya khadi. M'timalemba ting'onoting'ono, timene ambiri a ife sitiwerenga, mumakhala mau akuti masikuwo akatha umembala udzapitirira wokha, ndipo ndalama zidzacotsedwa pa khadilo kufikira mwini wake atauletsa. Tsiku la 31 palibe amene amagogoda pa citseko kudzafunsa. Makina amangotapa, ndipo mwezi wotsatira amatapanso. Popeza ndalama za mwezi umodzi sizikhala zambiri, zimabisala pakati pa za magetsi, za basi ndi za cakudya, ndipo munthu wotanganidwa saziona.

Mcitidwe umenewu ndi wakale kuposa intaneti. Ku America, bungwe logulitsa mabuku la Book-of-the-Month Club, limene linayamba mu 1926, linachuka ndi njira yotumizira mamembala ake kalata yonena za buku la mwezi umenewo. Amene sanabweze kapepala kokana, buku linali kumfikira pamodzi ndi ngongole yake. Eni malonda amaicha njirayi negative option, ndiko kunena kuti wosakana wavomera. Komabe masiku amenewo munthu anali kuona buku m'manja mwake ndi pepala la ngongole pa tebulo, ndipo ndalama sizinali kuturuka iye mwini asanazitumize. Lero dzanja la wogulitsa limakhala lili kale m'thumba la wogula.

Gulu la mamembala lodziwika kwambiri pa dziko lapansi ndi Amazon Prime, limene kampani ya Amazon inayambitsa ku America mu 2005 pa mtengo wa madola 79 pa caka. Mu 2021 mwini woyambitsa kampaniyo, Jeff Bezos, analengeza kuti mamembala apitirira 200 miliyoni. Mu 2022 mtengo unakwera kufika pa madola 139 pa caka kapena madola 14.99 pa mwezi ku America, ndipo ku Britain unafika pa mapaundi 8.99 pa mwezi. Tikawerengera miyezi 12, mapaundi 8.99 amasanduka mapaundi 107.88. Masitolo ena ataona phindu anatsatira. Walmart inayambitsa gulu lake mu 2020, ndipo ku South Africa, kumene kuli ana athu ambiri, sitolo ya Takealot inayambitsa lake mu 2024, caka comweco cimene Amazon inatsegula sitolo yake ya pa intaneti m'dzikolo.

Tisanamizire amalonda zimene sanacite. Umembala pa wokha si woipa. Banja limene limagula katundu pa intaneti mlungu uliwonse lingapulumutse ndalama zambiri za mtengo wonyamulira, ndipo anthu okalamba kapena olumala, amene sangathe kupita ku sitolo, amathandizidwa ndithu. Kulawa nakonso n'kwabwino, cifukwa munthu amadziwa cimene afuna kugula asanataye ndalama. Ambiri amalawa, nakondwera, nakhalabe mamembala mwa kufuna kwao. Za iwo tilibe mau. Amene atidetsa nkhawa ndi aja amene analowa osadziwa kuti alowa, ndi aja amene anafuna kuturuka koma sanapeze khomo.

Asodzi a ku Luangwa adziwa mono. Kukamwa kwake n'kotakasuka, ndipo nsomba imalowa mosavuta potsata nyambo, koma ikatembenuka imapeza timitengo tosongoka tatseka njira. Masamba ena a pa intaneti amalukidwa cimodzimodzi. Batani lovomera limakhala lalikulu ndi la mtundu wowala, pamene mau okanira amakhala aang'ono, otumbuluka, ndi obisika pakona. Mu 2010 katswiri wina wa ku Britain wa kapangidwe ka masamba a pa intaneti, Harry Brignull, anapatsa misampha yotereyi dzina lakuti dark patterns, ndiko kuti mapangidwe a mumdima. Mu 2019 bungwe loyang'anira zolengeza malonda ku Britain, la Advertising Standards Authority, linagamula kuti tsamba lina lolipirira la Amazon linali losoceretsa, cifukwa mabatani oonekera bwino onse anali kulowetsa munthu mu Prime, pamene njira yogulira popanda Prime inali yobvuta kuiona.

Khomo loturukira nalo linadzetsa milandu. Mu Januwale 2021 bungwe loteteza ogula la ku Norway linadandaula kuti kuleka Prime kunali kobvuta dala. Mabungwe a maiko ena anagwirizana nalo, ndipo mu Julayi 2022 akuluakulu a European Union analengeza kuti Amazon yavomera kusintha kuti ogula a m'maiko ao azitha kuleka pongodina kawiri. Ku America nkhani inafika ku khoti. Mu Juni 2023 bungwe la boma la Federal Trade Commission linasumira Amazon mu mzinda wa Seattle, ponena kuti kampaniyo inalowetsa anthu mamiliyoni mu Prime popanda cilolezo cao comveka, niwatsekera njira yoturukira. Malinga ndi cisumoco, wofuna kuleka anayenera kupyola masamba 4, kudina ka 6, ndi kukumana ndi zosankha 15. Cisumoco cinanenanso kuti anchito a kampaniyo anali kuicha njirayo Iliad, dzina la ndakatulo yaitali ya Agriki akale yonena za nkhondo ya ku Troy, imene inatha zaka khumi.

Mu Sepitembala 2025, mlandu utangoyamba kuzengedwa, mbali ziwirizo zinagwirizana. Amazon inavomera kulipira madola 2.5 biliyoni: 1 biliyoni ngati cindapusa ku boma, ndi 1.5 biliyoni zobwezera ogula pafupifupi 35 miliyoni a ku America. Inavomeranso kuika batani lokanira looneka bwino ndi kufewetsa njira yolekera. Cilungamo citikakamiza kunena kuti kampaniyo sinavomere kuti inalakwa. Koma taganizirani za ciwerengero ca anthuwo: 35 miliyoni, oposa anthu onse a m'Zambia muno. Sangakhale onse opusa kapena osaphunzira. Anali anthu otopa ndi ofulumira monga mwana wa mlongo wathu. Ndipo aliyense wa iwo sakanalandira zoposa madola 51, ndalama zosafika ngakhale theka la mtengo wa caka cimodzi.

Malamulo oteteza ogula alipo. America inakhazikitsa lamulo mu 2010 lonena kuti wogulitsa pa intaneti afotokoze poyera za ndalama zobwerezabwereza, alandire cilolezo comveka, ndipo apereke njira yapafupi yolekera. Mu 2024 boma la dzikolo linaonjeza lamulo lakuti kuleka kukhale kosavuta monga kulowa, koma mu Julayi 2025 khoti la apilo linalithetsa lisanayambe kugwira nchito mokwanira, ponena kuti silinapangidwe motsata ndondomeko. Britain nayo inakhazikitsa lamulo mu 2024 limene lili ndi gawo lonena za kukumbutsa ogula asanalipitsidwe. Kampani ya makhadi ya Visa, kuyambira mu Epulo 2020, inalamula amalonda opereka masiku olawa kuti azitumiza cikumbutso ndalama zisanayambe kucotsedwa. Zonsezi n'zabwino. Koma cikumbutso cimafika pa imelo pakati pa mauthenga mazana a malonda, ndipo lamulo limafika ndalama zitapita kale.

Ife Akristu tili ndi muyeso wina woyesera nkhaniyi, ndipo timauona pa tsiku lililonse la ukwati m'chalichi. Wansembe safunsa ankhoswe kapena makolo. Amafunsa mkwati ndi mkwatibwi, aliyense payekha, ngati abwera mwa ufulu, ndipo amadikira yankho lomveka. Mkwatibwi atangowerama cete, wansembe sanganene kuti, "Popeza sanakane, tipitirize." M'buku la malamulo a Eklezia la 1983, lamulo la 1057 liphunzitsa kuti cimene cimapanga ukwati ndi kuvomera kwa awiriwo, ndipo palibe mphamvu ya munthu imene ingavomere m'malo mwao. Lamulo la 1098 lionjeza kuti munthu akanyengedwa dala pa cinthu cacikulu kuti avomere, ukwatiwo sukhala woona. Tidziwa kuti nsapato si sakramenti. Koma ulemu umene Eklezia apereka kwa "inde" wa munthu ucokera pa mfundo imodzi: Mulungu anatilenga ndi nzeru ndi ufulu, ndipo pangano lililonse loona, lalikulu kapena laling'ono, liyenera kucokera mu nzeru ndi ufulu umenewo. Wamalonda amene aika ciyembekezo cake pa kuiwala kwathu walambalala zonse ziwiri.

Lamulo lacisanu ndi ciwiri la Mulungu, loletsa kuba, silinena za wothyola nyumba usiku yekha. Katekisimu aphunzitsa kuti cinyengo pa malonda ndi kupezerapo mwai pa umbuli kapena mabvuto a munthu zili m'gulu lomwelo, ndi kuti cotengedwa mopanda cilungamo ciyenera kubwezedwa. Mneneri Amosi anadzudzula amalonda a nthawi yake amene anali kucepetsa muyeso ndi kupotoza sikelo. Tsamba la pa intaneti lopangidwa kuti diso lione batani lina ndi kuphonya lina ndi sikelo yopotoka ya masiku ano. Mau awa apitenso kwa ana athu amene aphunzira za makompyuta ndipo alembedwa nchito yopanga masamba otere, kapena ayambitsa malonda ao a pa intaneti kuno kwathu. Luso lao likhale lotsegulira wogula maso.

Koma tingalakwe tikaloza cala amalonda okha. Papa Benedict XVI, m'kalata yake ya Caritas in Veritate ya mu 2009, anakumbutsa kuti kugula nako ndi nkhani ya cikumbumtima, ndi kuti wogula ali ndi udindo wake. Tiyeni tivomere kuti liu lakuti "ulere" limatigonetsa nzeru. Tikaliona, mtima umathamanga, ndipo timadina tisanawerenge. Makolo athu anatisiyira mwambi wakuti cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere, ndi wina wakuti safunsa anadya phula. Funso limene tiyenera kudzifunsa ndi lapafupi: ngati cinthuci ndi caulere, nanga nambala ya khadi langa aifuniranji? Mai wa nshawa uja satifunsa kumene tisungira ndalama asanatipatse zolawa.

Wina anganene kuti izi ndi za ku maiko akutali. Koma makhadi amene mabanki athu amapereka amagwira nchito pa intaneti, ndipo acinyamata ambiri a ku Lusaka, Kitwe ndi Chipata amaitanitsa zovala, mafoni ndi zida za galimoto kucokera kunja. Ndalama za umembala zikamacotsedwa m'madola, kwaca ikagwa mphamvu mtengo umakwera wokha munthu ali m'tulo. Mabanja ambiri amadalira zimene ana ao a ku Britain, America ndi South Africa amatumiza, ndipo paundi imene yatayikira kumeneko ndi unga umene sunafike kuno. Ndiponso mcitidwewu tiudziwa kale pa mafoni athu. Ndani wa ife sanamvepo agogo akudandaula kuti talktime yao imatha osaimba, pambuyo pake n'kupezeka kuti tsiku lina anadina nambala yovomera nyimbo yolirira oimba foni, kapena mauthenga a mpira, zimene zinayamba mwaulere ndipo zinapitirira kudya ndalama tsiku ndi tsiku? Msampha ndi womwewo, wangosiyana kukula.

Nanga banja licitenji? Coyamba, tisavomere masiku olawa pamene tili otopa kapena ofulumira. Tifunefune mau okanira, ngakhale akhale aang'ono, ndipo tigule cimene tabwerera basi. Caciwiri, ngati tasankha kulawa, tilembe tsiku lotha pa kalendala ya pa khoma, ija imene timalembapo masiku a msonkhano wa mphakati ndi a sikelo ya mwana, kuti aliyense m'nyumba alione. Masitolo ambiri amalola munthu kuletsa kupitirira kwa umembala tsiku lomwelo limene walowa, nakhalabe akulawa kufikira masiku atatha. Kumene zili conco, tiletse nthawi yomweyo. Cacitatu, tidziwe kuti kufafaniza pulogalamu ya sitolo pa foni sikuthetsa umembala. Tiyenera kulowa m'akaunti, kuuletsa, ndi kusunga uthenga wotsimikiza kuti watha.

Cacinai, mwamuna ndi mkazi azikhala pansi kamodzi pa mwezi kuwerenga pamodzi cikalata ca ku banki ndi mauthenga a ndalama za pa foni. Mzere uliwonse umene sakuudziwa aufunse. Mwambo umenewu umagwira akuba, komanso umaphunzitsa banja kusabisirana za ndalama. Cacisanu, tisapereke khadi kwa mwana kuti agule kanthu kamodzi ife tili kwina, cifukwa nambala imatsalira m'makina a sitolo. Tiyeninso tithandize makolo athu okalamba kuona zimene zilembetsedwa pa mafoni ao. Pomaliza, ngati tagwidwa kale, tisacite manyazi. Tilembere a sitolo kupempha kuti atibwezere, cifukwa ena amabweza ngati munthu sanagwiritse nchito umembalawo. Tipite ku banki kukafotokoza ndi kupempha kuti atithandize kuimitsa ndalamazo. Ngati wotilakwira ali muno m'dziko, bungwe la Competition and Consumer Protection Commission, limene ligwira nchito pansi pa lamulo la 2010, limalandira madandaulo a ogula, ndipo za mafoni zimapita ku ZICTA. Amene akhala cete cifukwa ca manyazi asiya msampha uli wochera kuti ugwire mnzake.

Mwana wa mlongo wathu uja sanabwezeredwe ndalama za miyezi yotsalayo. Mwezi umenewo abale tinasonkherana, ndipo mankhwala anagulidwa. Iye tsopano ali ndi kabuku kamene alembamo ciliconse cimene cimacotsa ndalama cokha m'akaunti yake, ndipo atafufuza anapezamo zina ziwiri zimene anali ataziiwala. Amai ake akali kubvala nsapato zija pa masiku akuluakulu, ndipo tikaziona timawaseka kuti palibe wina m'parishi yonse amene abvala nsapato zodula cotere.

Tipempha kuti nkhaniyi ikambidwe m'miphakati ndi m'magulu a acinyamata mwezi uno. Aliyense abwere ndi foni yake, ndipo odziwa athandize osadziwa kuona zimene zikudya ndalama zao. Tiphunzitse ana athu kuti "inde" wao ndi wa mtengo wapatali, ndipo asalole munthu kapena makina kuwanenera. Ambuye adalitse nchito za manja athu ndi kutipatsa nzeru zosamalira zocepa zimene tili nazo. Tidzakumananso mwezi wa mawa.